Kudzoza ndi Kudzudzula: Kukwera kwa Mfumu Davide ndi Ulendo wa Kamuzu Wodzera ku Johannesburg

Mawu oyamba

Mwa mafumu onse a Israeli wakale, palibe amene mbiri yake inalembedwa mwatsatanetsatane ngati Davide mwana wa Jese. Akatswiri ambiri amaika ulamuliro wake pakati pa zaka za 1010 ndi 970 Khristu asanabadwe. Nkhani ya momwe anakwerera pampando, kuchokera kubusa ku Betelehemu kufikira kulanda Yerusalemu, imayambira pa 1 Samueli 16 n'kukathera pa 2 Samueli 5. Olankhula Chichewa akhala akuiwerenga m'chiyankhulo chawo kuyambira pomwe Buku Lopatulika la 1922, lomasuliridwa motsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, linafika m'manja mwawo. Ambiri anaidziwira ku Sande sukulu, monga nkhani ya kamnyamata kamene kanagwetsa chimphona ndi mwala umodzi.

Nkhani ino ikuunikanso mbiri imeneyi poiika pambali pa mbiri ya Hastings Kamuzu Banda, yemwe anagwira ntchito kumigodi ya ku Johannesburg ali mnyamata, nadzamwalirira mumzinda womwewo ali nkhalamba. Anthu a nthawi yake ankakonda kumufanizira ndi Mose. Komabe njira imene anayenda, ya kuchoka kwawo, kukhala pakati pa alendo, kuitanidwa ndi akuluakulu a mtundu ndi kulongedwa ufumu, ikufanana kwambiri ndi ya Davide. Mfundo ya nkhaniyi ndi yakuti mabuku a Samueli amasunga ntchito ziwiri pamodzi, ya kudzoza mfumu ndi ya kuidzudzula, ndipo mtundu umene watola yoyamba n'kusiya yachiwiri umalipira ndi magazi a ana ake.

Aisraeli apempha mfumu

Ufumu usanayambe, mafuko a Israeli ankakhala m'mapiri, lililonse ndi akuluakulu ake. Kuchigwa cha m'mbali mwa nyanja kunali Afilisti ndi mizinda yawo isanu: Gaza, Asikeloni, Asidodi, Ekroni ndi Gati. Buku la 1 Samueli 13 limafotokoza kuti Afilisti anatsekereza luso losula zitsulo, kotero kuti Mwisraeli wofuna kunoletsa khasu kapena nkhwangwa ankayenera kutsikira kwa adani ake ndi kulipira. Mtundu wosula makasu ake kwa mdani sungasule mikondo. Mantha amenewa ndiwo anachititsa akuluakulu kupita kwa Samueli kukapempha mfumu yowatsogolera kunkhondo.

Yankho la Samueli pa mutu 8 ndi limodzi mwa malemba akale kwambiri ochenjeza za mphamvu ya boma. Iye anawauza kuti mfumu idzatenga ana awo aamuna kukhala asilikali, ana aakazi kukhala ophika, minda yachonde kupatsa nduna zake, ndi chakhumi cha zokolola ndi ziweto. Akale anati walira mvula walira matope. Anthu sanamve, ndipo Sauli wa fuko la Benjamini anadzozedwa. Chofunika kuchiona n'chakuti chenjezoli linaikidwa patsogolo pa mbiri ya mafumu onse, ya Davide yomwe, ngati muyeso wowayesera.

Kuchokera kubusa kufika ku Hebroni

Davide amalowa m'nkhaniyi katatu. Koyamba, Samueli akumudzoza mseri pakati pa abale ake, iye ali chitsirizira amene bambo ake sanamuitane n'komwe. Kachiwiri, akufika kubwalo la Sauli ngati woimba zeze wotonthoza mfumu yovutika mumzimu. Kachitatu, akupha Goliati m'chigwa cha Ela, ndipo Sauli akufunsa za iye ngati sanamuonepo. Kusagwirizana kumeneku kukusonyeza kuti olemba analumikiza nkhani zingapo zimene zinkayenda pakamwa. Pa 2 Samueli 21 palinso mawu opereka ulemu wopha Goliati kwa msilikali wina, Elihanani.

Kutchuka kwa Davide pakati pa amayi oimba nyimbo za chipambano kunautsa nsanje ya Sauli, ndipo mnyamatayo anathawa. Kuphanga la Adulamu kunamusonkhanira anthu ngati 400, omwe 1 Samueli 22 imati anali osautsidwa, angongole ndi owawidwa mtima. Gululi linakula kufika pa 600. Linkadya potchinjiriza abusa a anthu olemera ndi kufuna malipiro pambuyo pake. Nabala atakana kupereka, Davide anakonzeka kupha mwamuna aliyense wa pabanjapo, ndipo anabwezedwa ndi nzeru za Abigayeli. Patapita masiku ngati khumi Nabala anamwalira, ndipo Davide anakwatira mkazi wamasiyeyo, zimene zinamupatsa mizu pakati pa mabanja achuma a kumwera kwa Yuda.

Kenaka anachita chinthu chimene alaliki sachitchula kawirikawiri. Anawoloka malire n'kukadzipereka kwa Akisi, mfumu ya Afilisti ya ku Gati, yemwe anamupatsa mudzi wa Zikilaga. Anakhala m'dziko la adani chaka chimodzi ndi miyezi inayi. Ankathira nkhondo mitundu ya m'chipululu osasiya wamoyo woti akaulule, n'kumauza Akisi kuti wathira nkhondo anthu a kwawo. Afilisti atasonkhana kuti akamenyane ndi Sauli, Davide anali pamzere wawo, ndipo anabwezedwa kokha chifukwa akalonga ena sanamukhulupirire. Sauli ndi ana ake atatu, Yonatani yemwe, anafera paphiri la Giliboa.

Davide anadzozedwa ku Hebroni kukhala mfumu ya Yuda ali ndi zaka 30. Kumpoto kunkalamulira Isiboseti mwana wa Sauli, mothandizidwa ndi kazembe Abineri. Abineri anaphedwa ndi Yowabu, mkulu wa asilikali a Davide, atangochoka kumene kokambirana za mtendere. Isiboseti anaphedwa ali m'tulo ndi akapitawo ake awiri. Pamenepo akuluakulu a mafuko a kumpoto anabwera ku Hebroni, ndipo Davide anachita nawo pangano pamaso pa Mulungu asanamudzoze. Atalamulira ku Hebroni zaka 7 ndi miyezi 6, analanda Yerusalemu, mzinda wa Ayebusi umene sunali wa fuko lililonse, nalamulira kumeneko zaka 33.

Mbiri yoteteza mfumu

Kwa nthawi ndithu akatswiri ena ankakayika ngati Davide anakhalakodi. Mu 1993, gulu la ofukula zakale lotsogoleredwa ndi Avraham Biran linapeza chidutswa cha mwala ku Tel Dan, kumpoto kwa Israeli, cholembedwa m'Chiaramu m'zaka za m'ma 800 Khristu asanabadwe. Mwalawo umatchula banja lachifumu la Davide. Mkangano umene watsala ndi wa kukula kwa ufumu wake, ena akuti unali boma lenileni, ena akuti unali ufumu waung'ono wa m'mapiri.

Funso lina ndi la cholinga cha olemba. Mu 1980, P. Kyle McCarter anaonetsa kuti mbiri ya kukwera kwa Davide ili ngati chikalata chomuteteza pa milandu imene anthu ankamunenera, chofanana ndi chimene mfumu ya Ahiti, Hattusili III, inalembetsa italanda mpando kwa mwana wa mbale wake. Steven McKenzie mu 2000 ndi Baruch Halpern mu 2001 anapititsa patsogolo ganizoli. Aliyense woima panjira ya Davide amafa, koma nthawi zonse Davide amakhala ali kwina, ndipo amalira maliro poyera kapena kulanga wakupha. Kawiri konse, ku Engedi ndi kuchipululu cha Zifi, nkhani imati anapeza mpata wopha Sauli koma anakana chifukwa Sauli anali wodzozedwa wa Mulungu. Liwu la Chiheberi loti mashiach, kumene kunachokera liwu loti Mesiya, limangotanthauza wodzozedwa mafuta, ndipo linkanenedwa za mfumu yolamulira, yabwino kapena yoipa. Chiphunzitso chakuti wodzozedwa sakhudzidwa chinapulumutsa Sauli masiku awiri, koma chinatchinjiriza Davide ndi zidzukulu zake kwa zaka mazana anayi.

Ngakhale zili choncho, osonkhanitsa mabukuwa sanafufute mawu a otsutsa. Simeyi, wachibale wa Sauli, akutukwana Davide poyera kuti ndi munthu wamagazi. Mneneri Natani akulowa m'nyumba ya mfumu, itatenga Bateseba ndi kuphetsa mwamuna wake Uriya, n'kuipha ndi fanizo la munthu wolemera wolanda kankhosa kamodzi ka mmphawi. Rizipa, mkazi wamng'ono wa Sauli, akukhala pathanthwe kuyambira nyengo yokolola kufikira kugwa kwa mvula, kuingitsa mbalame ndi zilombo pa mitembo ya zidzukulu ndi ana a Sauli asanu ndi awiri omwe Davide anawapereka kuti aphedwe, mpaka mfumuyo inachita manyazi niwaika m'manda. Mbiri zambiri za mafumu a nthawi imeneyo zinkangotamanda. Iyi inasunga mlandu pamodzi ndi chitamando.

Adulamu wa ku Joni

Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, Johannesburg anakhala kothawira amuna a m'maiko ambiri. A ku Nyasaland ankachoka chifukwa cha msonkho, thangata ndi kusowa kwa ndalama. Ena ankalembedwa ndi Wenela, ena ankapita paokha, ulendo umene unkatchedwa selufu. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma apaulendo wa selufu sanaleke. Amene sanabwerere kwawo anatchedwa matchona. Mawu aja onena za anthu a ku Adulamu, osautsidwa ndi angongole, akanawayenera amuna amenewa.

Kamuzu anachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915, nayamba wagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley ku Southern Rhodesia. Cha m'ma 1917 anapitirira kumwera pamodzi ndi amalume ake Hanock Msokera Phiri, ndipo pambuyo pake anapeza ntchito ya ukalaliki ndi kutanthauzira pamgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg, kum'mawa kwa Johannesburg. Kumeneko analowa mpingo wa African Methodist Episcopal. Mpingowu unafika ku South Africa polumikizana mu 1896 ndi mpingo wa Ethiopia, womwe Mangena Mokone anauyambitsa ku Pretoria mu 1892 atatopa ndi tsankho la amishoni. Dzina loti Ethiopia linatengedwa pa Salimo 68, limodzi mwa masalimo otchedwa a Davide. M'mipingo yotereyi munthu wakuda ankaphunzira kudziwerenga yekha m'Chipangano Chakale, monga mtundu wopanikizidwa umene Mulungu adzaudzutsira mtsogoleri pakati pa onyozeka.

Mpingowu, kudzera mwa Bishopu William Vernon, ndiwo unathandiza Kamuzu kupita ku America mu 1925. Anaphunzira ku Wilberforce, ku Chicago kumene anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa yotuluka mu 1937, ndi ku Meharry kumene anatsiriza za udokotala chaka chomwecho. Anapitirira ku Edinburgh, kumene anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, nagwira ntchito ku England ndi ku Ghana. Pamene ankabwerera kwawo n'kuti atakhala kunja zaka zoposa 40.

Mawu odzozera

Monga akuluakulu a Israeli anapita ku Hebroni, atsogoleri achinyamata a Nyasaland African Congress, makamaka Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza, ndiwo anaitana Kamuzu. Afilisti awo anali chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chokhazikitsidwa mu 1953. Lipoti la Devlin la 1959 linaulula kalata imene Chipembere analembera Kamuzu yomukonzekeretsa kuti adzalengezedwa kwa anthu ngati mesiya wa ndale, popeza anthu amafuna ngwazi yoitsata. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958. Mwezi wotsatira, pamsonkhano wa ku Nkhata Bay, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipani napatsidwa mphamvu yodzisankhira yekha omuthandiza. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi Hebroni. Kuja kudzoza kunatsagana ndi pangano lomanga mbali zonse ziwiri, pamene ku Nkhata Bay odzoza anapereka mafuta ndi nsupa yomwe.

Mayina amene anatsatira akusonyeza kumene ulemuwo unkatungidwa. Ngwazi ndi liwu la kubwalo la nkhondo ndi uzimba. Nkhoswe ndi la m'banja la Chichewa, mlongo woyang'anira mbumba. Koma Mpulumutsi ndi Wamuyaya ndi mawu a m'tchalitchi, onenedwa za Khristu ndi za Mulungu. Pamene Kamuzu anakhala Pulezidenti Wamuyaya mu 1971, liwu la Chingerezi lonena za utali wa moyo wa munthu linamasuliridwa ndi liwu lonena za nthawi yopanda mathero. Munthu wotchedwa motero tsiku ndi tsiku, pawailesi ndi m'nyimbo za amayi, kumudzudzula kumaoneka ngati mwano.

Omudzoza anali oyamba kugwa. Mu Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zinatsutsana naye ndipo zina zinachotsedwa, zina zinatula pansi maudindo. Chipembere anamwalirira ku America mu 1975. Chiume anakhala kunja zaka 30. Yatuta Chisiza anaphedwa pankhondo kudera la Mwanza mu 1967. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Ubale ndi Gati nawonso unabwereranso. Mu 1967 Malawi anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma latsankho la South Africa, lomwe linapereka ngongole yomangira likulu ku Lilongwe. Mu Ogasiti 1971 Kamuzu anacheza m'dzikolo monga mlendo wa boma, nakaona Amalawi ogwira ntchito m'migodi, amene chiwerengero chawo chinapitirira 100,000 m'zaka zoyambirira za m'ma 1970. Omuteteza ankati, monga Davide ku Zikilaga, ankadya za mdani pofuna kupulumutsa anthu ake osauka. Omutsutsa ankati wagulitsa abale ake a ku Soweto. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 ndi kupha Amalawi 74, analetsa kulemba anthu a kumigodi, ndipo ntchitoyi inayambiranso mu 1977.

Natani wochedwa

Mu Meyi 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, zinapezeka zitafa kudera la Thambani ku Mwanza. Boma linati inali ngozi ya galimoto, ndipo abale sanapatsidwe mpata wolira maliro monga mwa mwambo. Komiti yofufuza ya 1994 inapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Kamuzu anazengedwa mlandu mu 1995 ndipo khoti linamupeza wosalakwa. Wowerenga mabuku a Samueli sangalephere kukumbukira Abineri: wopikisana ndi mfumu wafa, dzanja lomupha ndi la wantchito wa mfumu, mfumuyo inali kwina.

Mu 1983 palibe mpingo umene unalankhula poyera. A Mboni za Yehova, oletsedwa kuyambira 1967, anazunzidwa ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique mipingo ina ili chete. Olemba ndiwo anayesa njira ya fanizo, ndipo Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu. Liwu la Natani linamveka pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika, otsogoleredwa ndi James Chiona, inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Inanena za malipiro ochepa, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu ndi mantha oletsa anthu kulankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inatenthedwa, ndipo John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Koma pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa chisankho cha 17 Meyi 1994 Kamuzu anagonja navomereza.

Davide atadzudzulidwa anavomera tchimo lake pomwepo, ndipo mwambo wa Ayuda ndi Akhristu umalumikiza Salimo 51 ndi kulapa kumeneko. Kamuzu anapepesa mtundu mu Januwale 1996, koma anaika zolakwazo pa anthu amene ankachita zinthu m'dzina lake. Anamwalira pa 25 Novembala 1997 pachipatala cha Garden City ku Johannesburg.

Maphunziro a zauzimu

Alaliki amakonda kutenga m'nkhani ya Davide phunziro lakuti Mulungu amasankha wonyozeka ndipo amayang'ana mumtima. Phunziroli ndi loona, ndipo latonthoza anthu ambiri okhala kutali ndi kwawo, kuyambira matchona a m'makomboni a migodi kufikira Amalawi osunga pakhomo ndi osamalira maluwa m'nyumba za ku Johannesburg lero. Kudekha kwa Davide, wodzozedwa amene anayembekeza zaka zambiri osatambasulira dzanja pa Sauli, kukugwirizana ndi mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kuima pomwepa ndi kuwerenga theka la buku.

Theka linalo likuphunzitsa kuti kuvutika kwa mtsogoleri asanakwere sikumuyeretsa. Wothawa mkondo wa Sauli ndi yemwe anadzalemba kalata yophetsa Uriya, ndipo mkaidi wa ku Gweru wa 1959 ndi yemwe boma lake linadzadzaza Mikuyu. Likuphunzitsanso kuti kudzoza ndi pangano. Amene athira mafuta amakhala ndi udindo pa zimene wodzozedwayo adzachite, ndipo akataya udindowo, iwo ndiwo amayamba kudyedwa. Pamwambo wa Achewa mfumu polongedwa imayamba yalangizidwa ndi anamkungwi ndi mafumu anzake, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Natani anatha kulankhula chifukwa khomo la mfumu linali lomutsegukira, ndipo anatuluka wamoyo. Ukulu wa Davide wagona pamenepa kuposa pa mwala umene unagwetsa Goliati.

Nkhaniyi sinathe ndi 1994. Liwu loti wodzozedwa lachoka kubwalo la ndale n'kukhazikika m'mipingo yambiri ya ku Malawi ndi ya Amalawi okhala ku South Africa, ndipo malemba oletsa kukhudza odzozedwa amagwiritsidwa ntchito potseka pakamwa ofunsa za ndalama kapena za khalidwe la mtsogoleri. Pa nthawi ya chisankho, nawo andale amafunafuna aneneri owalosera mpando. Mabuku a Samueli amadziwa mneneri wothira mafuta, koma salola kuti ntchito yake ithere pomwepo. Samueli amene anadzoza Sauli ndiye anamuuza kuti ufumu wamuchokera. Natani amene analonjeza Davide nyumba yokhalitsa pa 2 Samueli 7 ndiye anabwerera pa mutu 12 kudzamuimba mlandu. Ndipo pamene aneneri anali chete, anatsala Rizipa, mayi wopanda udindo uliwonse, amene anakana kuchoka pa mitembo ya ana ake mpaka mfumu itawapatsa manda.